Funsani Amalume: Ng'ombe yofiira ya pa kapu ija ndi ya timu yanji?

Funso loyambali linandiseketsa, nde nditabwerera m'mauthenga anu akale ndinapeza kuti ambiri munafunsapo za timu yomweyi. Ndawaika pamodzi, ena ndawadula pang'ono chifukwa anthu inu mukayamba kulemba simupuma.

Amalume, ndinagula kapu pa kaunjika ku Limbe ili ndi mutu wa ng'ombe yofiira yokwiya, mnzanga akuti ndi ya Bullets ya ku America kkkk ine ndikuti ndi kampani ya nyama. Tithandizeni tisanamenyane. Mnyamata wa ku Bangwe

Mphwanga, nonse awiri mwaluza koma iweyo wayandikirako. Imeneyo ndi Chicago Bulls, timu ya basketball ya mu ligi yaikulu ya ku America yotchedwa NBA, ndipo za nyamazo sunaname kwenikweni chifukwa mzinda wa Chicago kalelo unkadziwika ndi makola akuluakulu a ng'ombe, zinkabwera pa sitima kuchokera kutali kudzaphedwa kumeneko, nde Dick Klein amene anayambitsa timuyi mu 1966 anangotola dzina pomwepo. Olo bwalo lomwe anayambira kusewera linali pafupi ndi makola omwewo. Mutu wa ng'ombe uli pa kapu yakowo ndi womwe uja wa 1966, sanausinthepo, pomwe matimu ena a NBA akhala akusintha zizindikiro zawo ngati malaya.

Mnzakoyo umuuze kuti Bullets ya ku America inalipodi koma inali ya ku Washington, inasintha dzina mu 1997 n'kukhala Wizards. Ndipo Michael Jordan anakathera mpira wake ku Wizards komweko, 2001 mpaka 2003, ngakhale ife okonda Bulls zaka ziwiri zimenezo timachita ngati sitinazione.

Amalume, ine Bulls ndimangoidziwa ndi Jordan basi. Asanabwere iyeyo kunali ndani, kapena timuyi inayamba ndi iye? Mphunzitsi wa ku Mzimba

Aphunzitsi, Jordan anaipeza timuyi ili ndi zaka 18 kale. Sizoni yoyamba ya timuyi ya 1966-67 inawina magemu 33 n'kuluza 48 koma inalowabe mu ma playoffs, magemu ochotsana olimbirana chikho kumapeto kwa sizoni, zomwe timu yatsopano sichita kawirikawiri. M'ma 1970 pansi pa kochi Dick Motta kunali Jerry Sloan, Norm Van Lier, Bob Love ndi Chet Walker, anthu ouma thupi otchinga ngati akulondera munda wa chimanga kwa anyani, ndipo mu 1975 anangotsala gemu imodzi kuti afike mu fainolo, Golden State inawatulutsa pa gemu ya nambala 7, yomaliza yolekanitsa matimu awiriwo. Jezi nambala 4 ya Sloan ndi 10 ya Love zinapachikidwa kudenga kwa bwalo, palibe adzavalenso. Dzina la Sloan mulisunge, tikumana naye kutsogoloku.

Kenako kunabwera zaka za njala. Ku NBA achinyamata ochokera ku makoleji sagulidwa ngati ku mpira wamiyendo, amasankhidwa pa mwambo wa draft, ndipo matimu amene achita zoipa ndi omwe amakhala ndi mwayi waukulu woyamba kusankha. Mu 1979 mwayi woyamba kusankha unali pakati pa Bulls ndi Los Angeles Lakers, anachita kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba, Lakers n'kuwina n'kutenga Magic Johnson, Bulls n'kutsala ndi David Greenwood. Anthu a ku Chicago anadandaula koma ine ndimati ndalama ija inawagwera bwino, chifukwa akanatenga Magic timu ikanakhala bwino msanga, sakanakhala kumunsi kwa ligi mu 1984. Chaka chimenecho Houston inayamba n'kutenga Hakeem Olajuwon wa ku Lagos, Portland yachiwiri n'kutenga Sam Bowie poti inkafuna munthu wamtali, inali kale ndi Clyde Drexler pa malo a Jordan, nde Bulls yachitatu inangotola Jordan, mnyamata wa ku North Carolina uja. Olajuwon palibe angawanyoze a Houston, anawapatsa zikho ziwiri. A Portland ndi amene mpaka lero amafunsidwa.

Amalume, pa shopu pathu timakangana tsiku lililonse mpaka makasitomala kuiwala kuti abwera kudzameta, ine ndimati zikho 6 zonse Jordan anawina yekha enawo ankangothamanga kumuperekeza, anzanga akuti ndikunama koma mayina a enawo sakuwadziwa. Ndani akunena zoona? Wometa wa ku Mchesi

Achimwene, makina aja muyambe mwazimitsa kaye chifukwa apa nditalikitsa.

Jordan woti ali yekha tinamuona, ndipo sankawina. Zaka zake zitatu zoyamba mu ma playoffs anawina gemu imodzi yokha n'kuluza 9. Mu April 1986 anachinya mapointi 63 ku Boston, mpaka lero palibe anafikapo pamenepo mu gemu ya playoffs, koma gemuyo Celtics inawina. Sizoni ya 1986-87 ankachinya mapointi 37 pa gemu, Boston n'kuwasesanso 3-0. Ndiye munthu amene mukumunenayo alipodi, koma chikho alibe.

Zinthu zinayamba kutembenuka mu 1987 pamene bwana wa osewera Jerry Krause anabweretsa anyamata awiri tsiku limodzi, Horace Grant ndi Scottie Pippen. Pippen anali wotsiriza m'banja la ana 12 ku Hamburg, ka tauni kakang'ono ku Arkansas, anachokera ku koleji yosatchuka, Seattle ndi imene inamusankha Krause n'kuchita nayo msintho usiku womwewo. Chaka chotsatira anabweretsa Bill Cartwright wamtali uja posinthana ndi Charles Oakley yemwe anali mnzake wa Jordan, Jordan zinamunyansa. Komabe panali khoma lotchedwa Detroit Pistons, a Isiah Thomas, Joe Dumars, Bill Laimbeer ndi Dennis Rodman, amene njira yawo inali yosavuta, Jordan akangolowa pansi pa ringi mugwetseni pansi. Anawatulutsa 1988, 1989, 1990, katatu kotsatizana. Jordan mpaka anayamba kunyamula zitsulo kuti thupi lizipirira.

Phil Jackson atakhala kochi mu 1989 anabwera ndi kaseweredwe ka mdala Tex Winter kotchedwa triangle, anthu atatu amaima mbali imodzi ngati mafuwa, mpira uziyenda m'manja mwa aliyense, amene wapeza mpata ndi amene aponye. Tanthauzo lake linali loti Jordan achepetse kukakamira mpira, ndipo poyamba sanazikonde. Koma mu 1991 anaisesa Detroit 4-0, osewera ena a Pistons anatuluka m'bwalo gemu isanathe osagwirana chanza ndi munthu, kenako Lakers ya Magic 4-1 chikho choyamba. 1992 Portland 4-2, Drexler uja. 1993 Phoenix ya Charles Barkley 4-2, ndipo tamverani achimwene, mpira wopha gemu yomaliza anaponya John Paxson, wa mapointi 3 kutatsala masekondi 3.9, anamupatsira ndi Grant, ndipo Grant yemweyo ndi amene anatchinga mpira womaliza wa Phoenix.

Umboni wina nawu. Bambo ake a Jordan ataphedwa mu July 1993, iye anasiya basketball mu October n'kupita kukayesa baseball. Timu yomwe inawina magemu 57 ali pomwepo inawina 55 palibe, Pippen akutsogolera. Chikho sanatenge, New York inawatulutsa pa gemu 7, nde apo mfundo yanu ili ndi kamphamvu, koma timu ya operekeza singawine magemu 55 pa 82. Mu mndandanda womwewo wa New York Pippen anachita chinthu chomwe chimamutsatirabe, kutatsala masekondi 1.8 anakana kulowa m'bwalo chifukwa kochi anati mpira womaliza aponye Toni Kukoč wa ku Croatia osati iye. Kukoč anaponya n'kulowa.

Jordan anabwerera mu March 1995 atavala nambala 45, Orlando ya Shaquille O'Neal n'kuwatulutsa, ndipo Horace Grant nthawiyi anali ku Orlando komweko. Chosowa chinaonekeratu, munthu wotola mipira yobwerera pa ringi. Anakatenga Rodman ku San Antonio, inde mdani uja wa ku Detroit, tsitsi lero lobiriwira mawa lofiira, nambala 91, munthu woti kuchinya analibe nako ntchito koma ma rebound anatsogola ligi yonse zaka 7 zotsatizana. Asanu oyamba a 1995-96 muwalembe pa galasi la shopuyo: Ron Harper, Jordan, Pippen, Rodman ndi Luc Longley wa ku Australia, pa benchi Kukoč ndi Steve Kerr. Anawina magemu 72 n'kuluza 10 okha. Kerr ameneyu Jordan anamumenyapo chibakera pa treni, ndipo ndi Kerr yemweyo ali kochi wa Golden State amene anadzaphwanya mbiri imeneyi mu 2016 ndi magemu 73, kungoti iwo chikho anachiphonya. Bulls inatenga pa Seattle 1996, pa Utah Jazz 1997 ndi 1998.

Koma musagwe mphwayi, nthawi yoti inu mukuwe ilipo. Pa 14 June 1998 ku Salt Lake City, gemu 6, Pippen msana ukumupweteka akuchita kuyenda ngati nkhalamba, John Stockton waponya wa mapointi 3 Utah ikutsogola 86-83 kutatsala masekondi 41. Jordan analowa mkati n'kuchinya, 86-85. Utah yapatsa Karl Malone mpira, Jordan anamuzembera kumbuyo n'kuumenya m'manja, anautenga yekha mpaka kutsogolo osapatsira munthu, Bryon Russell akumutchinga, anapita kumanja n'kuima mwadzidzidzi Russell n'kuterereka, anaponya dzanja n'kulisiya m'mwamba. 87-86, masekondi 5.2. A ku Utah mpaka lero amati anamukankha Russell. Mapointi 45 pa 87 anali ake. Ndipo kochi wa Utah amene anaima pambali akuonerera anali Jerry Sloan, mwini jezi nambala 4 yopachikidwa ku Chicago ija.

Nde mphindi imodzi imeneyo ndi yanu, zaka 8 zinazo ndi za anzanuwo.

Amalume, timu yoti yangowina chikho, iwonso n'kuiphwasula chaka chomwecho, anthuwa anapenga? Mayi wa ku Chipata

Mayi, misala ayi koma kunyada ndi ndalama. Krause ndi Jackson anafika posalankhulana bwino. Krause ankamva kuwawa kuti ulemu wonse ukupita kwa Jordan ndi kochi pomwe timuyo anaisonkhanitsa ndi iye, ndipo sizoni ya 1997-98 isanayambe ananeneratu kuti Jackson ndi chaka chake chomaliza. Jordan naye anati sasewera pansi pa kochi wina. Pippen anali ndi chake chakukhosi, mu 1991 anasainira kontilakiti yaitali ya madola pafupifupi 18 miliyoni poopa kuti akavulala abale ake azidya chani, anakulira m'nyumba momwe bambo ake ndi mchimwene wake onse anali pa njinga ya olumala, nde malipiro a mu ligi atakwera iye anatsalira pomwepo, pamene Jordan chaka chomaliza chokha analandira madola 33 miliyoni. Ena amati anamudyera masuku pamutu, ena amati anasaina yekha ndi dzanja lake. Zonse ndi zoona.

Mwini timu Jerry Reinsdorf, yemwe anaigula mu 1985, anaona kuti osewera akalamba ndipo kuwasunga kudya ndalama zambiri. Jackson anachoka, Jordan anasiya mu January 1999, Pippen ku Houston, Rodman ku Lakers, Kerr ku San Antonio, Longley ku Phoenix. Sizoni yotsatira yomwe inali yaifupi anawina 13 kuluza 37, mu 2000-01 anawina 15 kuluza 67. Jackson anapita ku Lakers n'kukawinanso zikho 5.

Ine Krause ndimamuimba mlandu wa 1998 koma sindimamulanda za 1987. Anamwalira mu 2017, ndipo mu January 2024 timu ikulemekeza akuluakulu ake akale anthu m'bwalo anamukuwiza dzina lake litatchulidwa, mkazi wake wamasiye ali pomwepo akulira. Zimenezo zinandichititsa manyazi, maliro sasungira mkwiyo chonchija.

Amalume, mwana wanga wayamba basketball kusukulu kuno ndipo wandifunsa ngati mu Bulls munasewerapo munthu wa ku Africa, ine ndinangoti ndifunsa kumudzi. Bambo wa ku Manchester

Bambo, mumuuze za Luol Deng, ndipo nkhani yake ikumukhudza chifukwa naye anakulira konko. Anabadwira ku Wau mu 1985, komwe pano ndi South Sudan, banja linathawa nkhondo n'kupita ku Egypt kenako ku London, anaphunzira mpira ku Brixton, anapita ku America ali ndi zaka 14, ndipo kuyambira 2004 mpaka January 2014 anali wa Bulls. Sanali wa zionetsero, anali munthu woti kochi amamupatsa mdani woopsa kwambiri kuti amutchinge ndipo samutulutsa m'bwalo, anasankhidwa All-Star, kutanthauza mmodzi wa akatswiri a ligi yonse, kawiri, 2012 ndi 2013. Ku Olympics ya London 2012 anasewerera Britain. NBA itabweretsa gemu yake yoyamba mu Africa ku Johannesburg mu 2015, kaputeni wa timu ya Africa anali iye.

Koma chachikulu wachita atasiya kusewera. Mu 2019 anakhala mtsogoleri wa bungwe la basketball la South Sudan, ankathira ndalama za m'thumba mwake, ndipo dziko lomwe linangobadwa mu 2011 linafika ku Olympics ya Paris 2024. Pa gemu yokonzekera ku London anatsala pang'ono kuigwetsa America ya LeBron James, zinathera 101-100, ku Paris n'kuwina Puerto Rico.

Wina ndi Joakim Noah, anabadwira ku New York koma agogo ake anali a ku Cameroon, bambo ake ndi Yannick Noah wa tenesi uja. Kaponyedwe kake kanali koseketsa, mpira unkazungulira cham'mbali ngati nguli, koma mu 2014 anasankhidwa wotchinga bwino kuposa onse mu ligi.

Amalume, Derrick Rose chinamuchitikira ndi chani? Achimwene anga akangomutchula amapukusa mutu osanena kanthu. Mtsikana wa ku Zomba

Achimwene akowo ndikuwamvetsa mwanawe. Rose anali mwana wa pakhomo, wa ku Englewood, dera lovuta la mu Chicago momwemo. Mu 2008 mwayi woti Bulls iyambe kusankha pa draft unali wosakwana 2 pa 100 koma unawagwera, anamutenga, ndipo mu 2011 ali ndi zaka 22 anakhala MVP, wosewera wopambana onse pa sizoni, wamng'ono kuposa onse m'mbiri ya ligi. Timu ya kochi Tom Thibodeau, Rose, Deng, Noah ndi Carlos Boozer inawina magemu 62, Miami ya LeBron n'kuitsekera khomo la fainolo 4-1. Tonse tinati chaka chamawa.

Chaka chamawacho, pa 28 April 2012, gemu yoyamba ya playoffs ndi Philadelphia, Bulls ikutsogola ndi mapointi 12 kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi pang'ono, gemu yoti yatha kale. Rose analowa mkati, analumpha monga ankachitira nthawi zonse, palibe anamugunda, potera bondo lamanzere linangogonja, mtsempha wa mkati unaduka. Anagona pansi atagwira bondo bwalo lonse lili zii. Funso loti ankatani m'bwalo nthawi imeneyo Thibodeau amafunsidwabe. Sizoni yotsatira yonse sanasewere, atabwerera bondo linalo linavutanso, mu 2016 anamutumiza ku New York. Anayendayenda matimu angapo, ali ku Minnesota mu 2018 anachinya mapointi 50 gemu imodzi n'kulira ngati mwana pamaso pa makamera. Anasiya mu September 2024, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake Bulls inalengeza kuti nambala 1 yake ikapachikidwa kudenga limodzi ndi 4, 10, 23 ya Jordan ndi 33 ya Pippen.

Amalume, ndiyambe kudzuka usiku kuonera Bulls kapena ndisunge bandulo yanga? Wa kabaza wa ku Salima

Mphwanga, gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku United Center, bwalo la Bulls, kwathu kuno imakhala 3 koloko m'bandakucha, miyezi ina 2 koloko, ndipo iwe m'mawa uli ndi makasitomala. Ine ndinachitapo zimenezo zaka za Rose, alamu kulira, kufunda bulangete pa mpando voliyumu pansi kuti azakhali ako asadzuke, kota yachinayi ikuyamba magetsi n'kuzima, n'kutsala ndikuyang'ana mdima.

Chilungamo chake n'choti kuyambira 1998 timuyi sinapondenso mu fainolo. Jimmy Butler yemwe anamutola wa nambala 30 pa draft ya 2011 anamugulitsa ku Minnesota mu 2017, iye n'kukafika mu fainolo kawiri ndi Miami. Anayesa ndi Zach LaVine, DeMar DeRozan, Nikola Vučević ndi Lonzo Ball, kwa miyezi ingapo mu 2021-22 anali pamwamba pa matimu a chigawo chakummawa cha ligi, bondo la Ball n'kuvuta, Milwaukee ya Giannis n'kuwatulutsa 4-1. DeRozan anachoka 2024, LaVine kumayambiriro kwa 2025, onse ku Sacramento. Sizoni ya 2024-25 inatha timu ili m'manja mwa anyamata, Coby White, Josh Giddey wa ku Australia ndi Matas Buzelis. Vuto lake timuyi yakhala ili pakatikati, siili bwino moti n'kulimbirana chikho, siinaipe moti n'kuyamba kusankha pa draft, ndipo bwalo limadzazabe, makapu ngati a mnyamata wa ku Bangwe akugulidwabe dziko lonse, nde eni ake sakumva kutentha.

Bandulo yakoyo ugule ya usiku yotchipa ija, utsitse gemu 6 ya 1998 pa YouTube, za panozi uzingoona zidule m'mawa ukudikira kasitomala pa siteji.